Nyimbo Yakale Imadziyendera Yokha Kapena Imachita Kunyamulidwa?

Mu Januwale 2022 atolankhani a bungwe la AFP anapita ku Chiradzulu kukacheza ndi a Giddes Chalamanda, omwe pa nthawiyo anali ndi zaka 92. Zomwe analemba zinadabwitsa anthu ambiri. Nyimbo ya mkuluyu yotchedwa Linny Hoo inali itaonedwa maulendo opitirira 80 miliyoni pa TikTok, anthu a m'mayiko akutali akuivina m'timakanema tawo, koma mwini nyimbo analibe foni yamakono, ndipo TikTok yomwe inkanenedwayo sankaidziwa n'komwe. Nyimboyi anaipeka cha m'ma 2000 poimbira mwana wawo wamkazi. Inadzabukanso mu 2020 pamene woimba Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kuimba nawo nyimbo zawo zingapo mosakaniza, m'kaimbidwe ka rege.

Kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa nyimboyi sinazilale. Imalira pa doko la Kachulu ogula matemba akamadikira mabwato ochokera ku Chisi, imalira m'misika ya Govala ndi Jali, m'mashabini, pa zinkhoswe, ngakhalenso m'zimbowera momwe asodzi amatha masabata ali pakati pa madzi ndi kasola kotchajira foni. Ikalira pamene pakhala achikulire ndi achinyamata, mkangano suchedwa. Achikulire amati nyimbo yabwino imadziyendera yokha, Namadingo anangopeza zakupsa. Achinyamata amati pakanapanda Namadingo ndi foni, bwenzi Linny Hoo ili gone m'kaseti yakale pamodzi ndi zinzake. Pansi pa mkanganowu pagona funso lalikulu: n'chiyani chimachititsa kuti nyimbo ina ikhale zaka 50 ikuvinidwa, pamene ina imafa dzinja lisanabwere kawiri?

Tiyambe ndi achikulire, poti ulemu umatero.

Mfundo yawo yoyamba ndi yakuti a Chalamanda, omwe anthu amawatchula kuti Agide, sanatulukire pa foni. Anthu akhala akuwavina kuyambira kale, pa gitala yawo yomwe ija, m'mabala, m'maukwati ndi pa wailesi. Buffalo Soldier, Che Meli ndi zina zinali pakamwa pa anthu Namadingo asanaganize n'komwe zoimba. Oimba Edgar ndi Davis anayenda nawo m'madansi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2016 mkuluyu anakafika ku America, dziko lomwe ankalilakalaka m'nyimbo yake. Choncho kunena kuti TikTok ndiyo inawapanga n'kusadziwa mbiri.

Mfundo yachiwiri ndiyo yolimba. Namadingo sanaimbe ndi Agide okha. Anachitanso chimodzimodzi ndi Lucius Banda, Billy Kaunda ndi Black Missionaries, akatswiri okhaokha, ndipo makanema onsewo anthu anawakonda kuno kwathu. Koma yomwe inaoloka malire n'kukagwira anthu osamva Chichewa ndi imodzi yokhayi. Wonyamula anali yemweyo, situdiyo ndi intaneti n'zomwezo. Ndiye kusiyana kunachokera kuti ngati si m'nyimbomo? Achikulire amati mverani bwino: mawu ake ndi ochepa, poyankhira pake mwana wa sitandade wani amapagwira atangomva kamodzi, ndipo nkhani yake ndi ya bambo ndi mwana wake, yomwe sisowa womasulira kulikonse. Nyimbo yotere, iwo amati, ili ndi moyo wakewake.

Akafuna kutseka anyamata pakamwa amatchula nyimbo ya Napolo. Mu Disembala 1946 chimvula chinagwa pa phiri la Zomba, madzi n'kutsika ndi miyala ndi mitengo, kugumula milatho ndi nyumba, kupha anthu. Madzi amenewo anatsikira kuno komwe, chifukwa Mulunguzi amathira mu Likangala ndipo Likangala amathira m'Chilwa. Abale awiri a kwa Paseli anaimba nyimbo ya ngoziyo, ndipo mpaka lero dzina la nyimboyo silinachoke m'makutu mwa anthu. Oimba ena aibwereza, Agide omwe ali ndi Napolo wawo, ndipo Steve Chimombo wa ku Chancellor College anamanga ndakatulo zake zambiri pa mutu womwewu. Madzi atasesa Phalombe mu Malichi 1991, anthu anakumbuka Napolo. Namondwe Freddy atagwetsa mapiri mu Malichi 2023, dzina lomwelo linabweranso. Pomwe nyimboyi inkaimbidwa koyamba panalibe TikTok, panalibe bandulo. Nyimboyo inakhalitsa chifukwa inanena chinthu chomwe anthu a m'mbali mwa mapiri amachiopa m'badwo uliwonse.

Kunja nakonso zitsanzo zowathandiza zilipo, ndipo chodziwika kwambiri ndi cha ku Italy. Mu 1958 Domenico Modugno, mwana wa tauni ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Polignano a Mare, anapambana mpikisano wa nyimbo wa ku Sanremo ndi nyimbo yomwe anapeka pamodzi ndi Franco Migliacci, Nel blu, dipinto di blu, yomwe dziko lonse limaitchula kuti Volare. Chaka chomwecho anapita nayo ku mpikisano wa mayiko a ku Ulaya wa Eurovision, n'kukathera pa nambala 3. Yemwe anapambana anali André Claveau wa ku France. Lero nyimbo ya wopambanayo amaikumbuka ndi ofufuza mbiri okha, pamene ya nambala 3 ija ikuimbidwabe m'maukwati, m'malo odyera ndi m'mabwalo a mpira. Oweruza anasankha zawo, makutu a anthu anasankhanso zawo. Chaka chotsatira, mu 1959, Rocco Granata, mwana wa Mtaliyana wokumba malasha ku Belgium, anajambula nyimbo yotchedwa Marina n'kuiika kuseri kwa mbale ngati yongodzazira malo. Yakutsogolo inaiwalika, yakuseriyo ndiyo inazungulira dziko. Achikulire athu akanamva zimenezi akanaomba m'manja: mwaonatu, nyimbo imadzisankhira yokha njira.

Amawonjezeranso ina yomwe aliyense amaiona ndi maso. Nyimbo zingati masiku ano zimatuluka ndi chikoka, kanema wodula, magalimoto obwereka, ma DJ akuziliza m'mawa ndi madzulo, koma ikangotha miyezi itatu palibe woziitanitsa kwa obena nyimbo? Ngati kunyamulidwa kukanakhala kokwanira, bwenzi zonsezo zili moyo.

Tsopano timve achinyamata. Ndinene poyera kuti mbali iyi anthu amaipeputsa chifukwa oinena ake ndi ana, koma ili ndi mano.

Iwo amayamba ndi funso losavuta: ngati Linny Hoo inkadziyendera yokha, inali kuti zaka pafupifupi 20 zija? Inkadziwika, inde, koma kwa omwe ankamvera Agide kale. Mtsikana wa ku Nairobi kapena Manila sakanaimva mpaka kalekale. Panafunika munthu woika gitala ya mkuluyo pa kugunda komwe makutu a lero anazolowera, kamera yabwino, YouTube, kenako anthu masauzande odula kachidutswa kake n'kukaika pa makanema awo. Chilichonse mwa izi ndi ntchito ya manja a munthu. Nyimbo ilibe miyendo.

Akatero amatembenuza zitsanzo za achikulire zija chimodzichimodzi. Volare, iwo angati, inanyamulidwa kuposa nyimbo ina iliyonse. Mpikisano wa Sanremo, womwe unayamba mu 1951, unkaonetsedwa pa kanema wa boma, moti usiku umodzi dziko lonse la Italy linaimva. Ku America kunali kale mamiliyoni a anthu ochokera ku Italy ndi ana awo, omwe anagula mbaleyo mwamsanga. Inakhala pa nambala 1 kumeneko kwa masabata asanu, ndipo pa mwambo woyamba wa mphoto za Grammy mu 1959 inatenga mphoto ziwiri zikuluzikulu. Dean Martin anaiimba chaka chomwecho cha 1958 posakaniza ndi Chingerezi. Bobby Rydell anaibwereza mu 1960 kuti igwire achinyamata. Itayamba kukalamba, a Gipsy Kings anaidzutsanso mu 1989 ndi magitala awo othamanga, ndipo ambiri omwe amaidziwa lero amadziwa imeneyo, osati ya Modugno. M'badwo uliwonse unali ndi Namadingo wake.

Pa za Napolo ndi nyimbo zina zakale za kuno kwathu ndi pomwe achinyamata amabaya penipeni. Kuyambira 1964 mpaka m'zaka za m'ma 1990, dziko lino linali ndi wailesi imodzi, MBC. Kanema kunalibe. Nyimbo yomwe akuluakulu a ku MBC aikonda inkalira kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, sabata ndi sabata, chaka ndi chaka, popanda yopikisana nayo. Panalinso lamulo la 1968 lopatsa boma mphamvu younika ndi kuletsa nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Ndiye tikamati nyimbo za Allan Namoko, Robert Fumulani kapena Daniel Kachamba zinakhalitsa chifukwa cha ubwino wake wokha, tikuiwala kuti zinapatsidwa bwalo lonse kwa zaka 30. Ndi nyimbo zabwino, palibe akukana. Koma zinali ndi mwayi womwe woimba wa lero, wopikisana ndi Nigeria, South Africa, Zambia ndi Tanzania m'foni imodzi, sadzaupezanso.

Ndipo zomwe sizinajambulidwe zili kuti? Nyanja ino isanaphwe mu 1968, asodzi ankakoka makoka akuimba, amayi ankasinja mpunga akuimba, m'midzi ya kwa Mwambo, kwa Kuntumanji ndi pa Chisi munali apeki a nyimbo omwe ankavinitsa anthu usiku wonse ndi banjo yosema okha. Kodi onsewo anali osadziwa kuimba? N'zosatheka. Pakati pawo panali nyimbo zokoma ngati Napolo, mwina zoposa. Zinafa chifukwa galimoto ya ojambula sinafike, ndipo nyanja itaphwa anthu anabalalika, ena ku Malombe, ena ku Mozambique, ena m'tauni. Ngati nyimbo yabwino imadziyendera yokha, atiimbire imodzi mwa zimenezo. Mfundo iyi sindinamve wachikulire aliyense akuiyankha mokhutiritsa.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa dziko la Italy silili kutali ndi nyimbo za ku Malawi monga momwe munthu angaganizire. Mu 1978 ku Balaka kunabadwa Alleluya Band, mothandizidwa ndi wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici. M'gulu limeneli ndimo munakulira Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, yemwe anatisiya pa 30 Juni 2024. Kaimbidwe ka ku Balaka kanalamulira dziko lino m'zaka za m'ma 1990, ndipo gululi lakhala likukaimba ku Italy kawirikawiri. Luso linali la anyamata a ku Balaka, koma anyamata aluso analinso ku Namwera, ku Jali ndi ku Migowi. Chomwe Balaka inali nacho ndi zida, poyeserera ndi munthu wowakhulupirira. Achinyamata a pa Kachulu akanaidziwa bwino mbiri imeneyi akanaiika pamwamba pa mfundo zawo zonse.

Ali ndi ina yomaliza, yopweteka pang'ono. Amati agogo akamati nyimbo zakale zinali zabwino, chomwe akukumbuka ndi unyamata wawo: dansi yoyamba, njinga yatsopano, wailesi yobwera nayo kuchokera ku Joni. Nyimbo zoipa za m'ma 1970 zinalipo zambiri, kungoti zinaiwalika, ndipo tikuyerekeza zosankhika za kale ndi chisawawa chonse cha lero. Apa pali choonadi, ngakhale kuti kanenedwe kake nthawi zina kamasowa ulemu.

Nanga ine ndiima pati?

Pa mbiri, achinyamata apambana. Palibe nyimbo yomwe ndikuidziwa yomwe inadutsa mibadwo itatu popanda wailesi, mbale, tchalitchi, sukulu, chinamwali kapena woimba wina woibwereza. Ngakhale nyimbo za tchopa ndi manganje, zomwe zilibe mbale, zimakhalitsa chifukwa chaka chilichonse pali mwambo womwe umakakamiza anthu kuziimba ndi kuphunzitsa ana. Kumeneko n'kunyamula komwe. Koma achinyamata amalakwitsa akamaganiza kuti chilichonse chinganyamulike. Anthu a m'mbali mwa Chilwa amadziwa zomwe zimachitika nyanja ikaphwa, monga mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018: matemba, makumba ndi milamba zimatsalira m'maiwe a mitsinje monga Likangala ndi Domasi, madzi akabwerera n'kudzazanso nyanja. Popanda madzi nsombazo sizingafalikire, koma madzi okha sangabereke nsomba ngati m'maiwemo munalibe chamoyo. Namadingo ndi TikTok anali madzi. Chamoyo chinali cha Agide.

Komabe ndikamamvetsera bwino, ndimaona kuti chomwe chimawawa achikulire si nkhani ya luso. Ndi ndalama ndi dzina. Akamati Namadingo anapeza zakupsa, akufunsa kuti wophikayo anadya chiyani. Ndipo apa mkanganowu umasintha nkhope, chifukwa achinyamata omwe amalankhula mokweza aja amayamba kuyang'ana pansi.

Tichite chilungamo kwa Namadingo: sanabise mwini nyimbo. Anakhala naye pa kanema, nkhope ndi dzina zili poyera, ndipo kutchuka kwa kanemayo kunachititsa kuti anthu ndi makampani akumbukire mkuluyo. Uku ndiye kubwereza kwaulemu. Vuto linayambira kutsogolo, nyimbo italowa m'manja mwa anthu mamiliyoni. Malipoti a nthawi imeneyo ananena kuti kutchuka konse kuja sikunabwere ndi ndalama zolingana nako kwa mwini wake. Maulendo 80 miliyoni ndi chiwerengero chokoma kumva, koma sichigula feteleza.

Si zachilendo mu Africa muno. Mu 1939 Solomon Linda anajambula Mbube ku Johannesburg. Nyimboyo inaoloka nyanja, inasinthidwa dzina kawiri, inalemeretsa makampani a ku America mpaka kukalowa mu filimu ya The Lion King. Linda anamwalira mu 1962 ali mmphawi, ndipo banja lake linadzapeza kanthu mu 2006 pambuyo pa mlandu wa ku khoti. Yerekezani ndi Modugno. Aliyense wobwereza Volare, kaya Dean Martin kaya Gipsy Kings, ankalemba mayina a apeki ake pa mbale, ndipo mabungwe otolera ndalama za oimba ankaonetsetsa kuti gawo lawo lafika. Kwa iye, kubwerezedwa kunali phindu. Kwa woimba wa ku mudzi kuno, kubwerezedwa kawirikawiri kumakhala kulandidwa. N'chifukwa chake Mtaliyana amanyadira nyimbo yake ikaimbidwa ndi mlendo, pamene nkhalamba ya kwathu imadandaula. Si kuti ife ndi ansanje. Njira yobwezera ndalama kwa mwini ndiyo yopapatiza.

Lamulo lilipo. Bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo lamulo latsopano loteteza ntchito za aluso linabwera mu 2016. Pali ndalama zomwe zimadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko, n'kugawidwa kwa oimba olembetsa. Mawu ofunika ndi omalizawo. Woimba wa banjo wa kwa Mwambo yemwe sanafikepo ku ofesi iliyonse, nyimbo yake ingathe kudzaza mamemole khadi a msika wonse iye osaona ngakhale tambala. Ndipo tisanaloze chala kutali, tidzifunse tokha. Tikapita kwa wobena nyimbo pa Kachulu n'kulipira kuti atidzazire khadi, ndani mwa ife amafunsa ngati woimbayo alandirapo kanthu? Wachikulire wodandaula uja naye khadi yake ili m'thumba.

Pali ena omwe amati njira yabwino n'kuletsa achinyamata kukhudza nyimbo zakale, azipeka zawo. Ameneyu ndi mankhwala opha wodwala. Nyimbo yosakhudzidwa ndiyo imafa msanga, ndipo umboni wake ndi nyimbo za asodzi a 1968 zija. Ena amati zisiyeni, nyimbo ndi ya tonse, monga nyanja. Koma nyanja yomweyi ili ndi makomiti a m'madoko ndi nyengo yotseka, chifukwa anthu anaona kuti chinthu cha tonse chimatha ngati palibe wochiyang'anira. Mbali zonse ziwirizi sindigwirizana nazo.

Chigamulo changa n'chakuti achinyamata apitirize kubwereza nyimbo zakale, mochuluka ndithu, ndipo achikulire aleke kuwanyoza chifukwa cha zimenezi. Koma wobwereza atchule mwini nyimbo, amupemphe iye kapena banja lake, agwirizane za gawo lake polemba asanalowe mu situdiyo. Oulutsa mawu pa wailesi za kuno ku Zomba, Chanco Community Radio ndi YONECO FM, akaliza nyimbo yobwerezedwa azinena yemwe anaipeka. N'zosatenga mphindi.

Ntchito ina ndi yofulumira kuposa zonsezi. Wojambula nyimbo Hugh Tracey anayenda m'dziko lino m'zaka za m'ma 1950 ndi makina olemera, ndipo zomwe anajambula zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Lero mwana wa sekondale ali ndi makina oposa amenewo m'thumba. M'midzi ya m'mbali mwa Chilwa mukadali agogo ochepa omwe anakoka nawo khoka nyanja isanaphwe mu 1968 ndipo nyimbo zake akuzikumbuka. Inu anyamata omwe mumati nyimbo ilibe miyendo, mfundo yanu yamveka, ndiye pitani mukawajambule, mulembe dzina la woimba, mudzi wake ndi chaka. University of Malawi ili ku Zomba, nyumba yosungira mbiri ya dziko ya National Archives ilinso komweko, ndipo kuchoka m'tauni kufika pa Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30 okha. Nawonso atsike asanamve kuti kwagwa maliro.